Akati Ndi Sewero, Tifunse Amene Walilemba

Jerry Lundegaard wamira m'ngongole. Amagulitsa magalimoto mumzinda wa Minneapolis ku America, pakampani ya apongozi ake aamuna, mkulu wachuma koma woumira, amene mkamwini wakeyo samuyesa kanthu. Ndiye Jerry wapeza nzeru. Alemba ganyu zigawenga ziwiri kuti zimubere mkazi wake, apongozi alipire dipo, ndalamazo agawane. Zigawengazo akuziuza kuti dipo ndi madola 80,000, pamene apongozi akuwauza kuti akubawo akufuna madola 1 miliyoni. Palibe amene avulale, akutero Jerry, ndipo akukhulupiriradi zimenezo. Pofika kumapeto anthu asanu ndi awiri afa, mkazi wakeyo ali m'gulu lomwelo, ndipo chikwama cha ndalama chatsala chokwiriridwa m'chisanu m'mphepete mwa msewu, amene anachikwirira atafa kale.

Imeneyi ndi Fargo, filimu imene Joel Coen ndi mng'ono wake Ethan anatulutsa mu 1996, ndipo ndi filimu yoseketsa. Amene sanaione angafunse kuti choseketsa n'chiyani pamene pagona mitembo isanu ndi iwiri. Komatu ukaonera umaseka ndithu, mpaka kudzichitira manyazi. Chigawenga china sichilankhula, chinzake sichitseka pakamwa. Cholongololacho chabisa kale ndalama zochuluka, koma chikuphedwa ndi chinzake pokanganirana galimoto imodzi. Olemba ndemanga za mafilimu anaikonda kwambiri. Roger Ebert ndi Gene Siskel, amene pa wailesi yakanema ankadziwika ndi kutsutsana, onse awiri anati ndiyo inali filimu yabwino koposa chaka chimenecho. Ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, Joel Coen analandira mphoto ya wotsogolera filimu, ndipo pa mphoto za Oscar Frances McDormand anapambana monga wosewera wamkazi, abale awiriwo n'kupambananso pa kalembedwe ka nkhani. Odandaula analipo, makamaka anthu ena a ku Minnesota amene ankaona ngati filimuyo ikuwaseka kalankhulidwe.

Nkhani ya kubedwa kochita kupanga sikuti imawayendera bwino onse oigwira. Chaka chotsatira kunatuluka Excess Baggage, momwe Alicia Silverstone ndi mwana wa munthu wolemera amene akudzimanga yekha n'kudzitsekera kumbuyo kwa galimoto yake kuti bambo ake amukumbukire, kenaka wakuba magalimoto n'kuba galimotoyo osadziwa kuti muli munthu. Ambiri olemba ndemanga sanaisangalalire, ndipo ine ndikuwamvetsa: m'filimu imeneyo mtima sugunda, chifukwa ukudziwa kuyambira pachiyambi kuti mtsikanayo palibe chimene chimuchitikire. Mu 1998 abale a Coen aja anabwereranso ku nkhani yomweyi ndi The Big Lebowski, momwe wobedwayo sanabedwe n'komwe, wangopita kukacheza. Poyamba anthu anailandira mozizira. Patapita zaka inasanduka filimu ya anthu oikonda mpaka kuichitira zikondwerero.

Kuseka kwa mu Fargo kumachokera kuti? Choyamba, woonera amadziwa zonse. Tinali pomwepo m'bala pamene Jerry ankapangana ndi zigawengazo. Pamene akuyeserera mawu achisoni asanaimbire foni apongozi ake, tikumuona akuyeserera. Bodza lake silingatipusitse, n'chifukwa chake likutiseketsa. Chachiwiri, muli Marge Gunderson, mkulu wa polisi m'katauni ka Brainerd, mayi woyembekezera wa miyezi isanu ndi iwiri, wolankhula mofatsa, wokonda kudya, amene akulondola mapazi m'chisanu pang'onopang'ono mpaka kufika pa wolakwa. Malinga mayi ameneyu alipo, woonera akudziwa kuti akufawo ali ndi wowawerenga. Ukachotsa zinthu ziwirizi, kudziwa kwa woonera ndi wapolisi wokhulupirika, nkhani imatsala yomweyo koma kuseka kumathawa.

Zinthu ziwirizi ndi zimene zikusowa ku Harare. Sindikunena za kwa mabwana ku Borrowdale. Ndikunena za kumalokeshoni: Mbare, Highfield, Mufakose, Glen View, Budiriro, Warren Park, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara. Mayina amenewa si achilendo kwa ife a ku Malawi. Agogo athu amene anapita pa mthandizi, kapena anayenda wapansi kudzera ku Tete n'kukatchona, ambiri mwa ana awo ndi zidzukulu zawo ali m'nyumba zothithikana zimenezi. Gule amatulukabe ku Mabvuku ndi ku Mufakose, eni dziko n'kumamutcha zvigure, ndipo pamaliro ena umamva Chinyanja cha okalamba chimene kwathu kuno chikutha. Anthu amenewa akudziwa mmene zimakhalira boma likakana mbiri yako. Mu 2000 Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi obwera opanda mfunda, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasandutsa alendo anthu ambiri obadwira momwemo, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 atawabwezera malo awo. M'malokeshoni amenewa, kubedwa kochita kupanga si nkhani ya m'filimu. Ndi mawu amene amatuluka pakamwa pa nduna.

Usiku wa pa 21 Ogasiti 2019, amuna onyamula mfuti, obisa nkhope, analowa mokakamiza m'nyumba ina ku Mufakose. Munali Samantha Kureya, wazisudzo wa gulu la Bustop TV, amene Zimbabwe yense amamudziwa ndi dzina loti Gonyeti. Monga anafotokozera iye mwini ndi abale ake, amunawo anati ndi apolisi, anamenya anthu a m'nyumbamo, n'kumutenga iyeyo pagalimoto. Kumene anapita naye anamuvula, kumumenya ndi kumumwetsa madzi a m'suweji. Anapezeka patapita maola angapo kudera la Crowborough, kufupi ndi kwawo komweko. Inali nyengo yowawa. Masiku ochepa m'mbuyomo apolisi anali ataletsa zionetsero za chipani chotsutsa cha MDC mumzinda wa Harare, ndipo anthu ena angapo anali atatengedwa usiku m'njira yofananayo. Gonyeti sanali mtsogoleri wa chipani. Ntchito yake inali kujambula timasewero tapaintaneti toseka mizere ya mafuta, kusowa kwa ndalama m'mabanki, ndi apolisi apamsewu.

Ndemanga yoyamba ya akuluakulu sinachedwe. Energy Mutodi, amene nthawi imeneyo anali wachiwiri kwa nduna yofalitsa nkhani, analemba pa Twitter mawu osonyeza kuti zimenezi n'kutheka ndi chimodzi mwa zisudzo za mayiyu. Taganizirani kuchenjera kwa nkhanza imeneyi. Sanafunike kubweretsa umboni uliwonse. Anangotenga luso la munthuyo n'kumumenya nalo kachiwiri. Paja mayiyu amadya za kunamizira. Ndiye lero tikhulupirire bwanji misozi yake? Makolo athu anati wamisala anaona nkhondo, kutichenjeza kuti mawu a munthu amene timamuseka tisawataye. Nduna inatembenuza mwambiwo: popeza ndi wamisala, nkhondo kulibe.

Pamenepa m'pamene Fargo ndi Mufakose zikuyang'anizana. Filimu ija imayamba ndi mawu olembedwa onena kuti nkhaniyi inachitikadi ku Minnesota mu 1987, kuti angosintha mayina. Linali bodza, ndipo eni ake anavomera pambuyo pake kuti nkhaniyo anachita kupeka. Anatenga chopeka n'kuchitcha choona kuti woonera akhale tcheru, ndipo palibe amene anavulala nazo. Ku Harare zimayenda chambuyo. Munthu ali m'chipatala ndi mabala, wina n'kulemba pamwamba pa nkhani yake kuti izi n'zopeka. Onsewa akuchita ntchito imodzi, youza anthu mtundu wa nkhani imene akuonera, kuti adziwe ngati aseke kapena alire. Kusiyana kwake n'koti wina ali ndi kamera, wina ali ndi boma.

Itai Dzamara anali mtolankhani. Mu Okutobala 2014 anakapereka kalata ku ofesi ya Mugabe yomupempha kuti atule pansi udindo, ndipo ankakhala ndi anzake ochepa m'bwalo la Africa Unity Square pakati pa mzinda, akumenyedwa, akubwereranso. M'mawa wa pa 9 Malichi 2015 anapita kukameta tsitsi ku Glen View, kufupi ndi kwawo. Munalowa amuna asanu. Anati waba ng'ombe, anamumanga unyolo, anamukweza m'galimoto yoyera, n'kupita. Taonani kuti nawonso anabwera ndi sewero lawo: mtolankhani wa mumzinda wasanduka wakuba ng'ombe, kuti oona aganize kuti ndi nkhani ya apolisi ndi mbava, asalowererepo. Bwalo lalikulu linalamula apolisi kuti amufunefune ndi kumapereka malipoti. Kuyambira tsiku limene anatengedwalo, Dzamara sanaonekenso. Anasiya mkazi ndi ana awiri. Mng'ono wake Patson, amene anayenda paliponse kufunsa za mkulu wake, anamwalira ndi khansa mu Ogasiti 2020 asanamve yankho. M'filimu, nkhani ya wobedwa imakhala ndi mathero, abwino kapena oipa. Banja la Dzamara linamanidwa ngakhale manda.

Koma nkhani imene inaonetsa poyera mmene mawu oti sewero amagwirira ntchito ndi ya amayi atatu a chipani chotsutsa: Joana Mamombe, amene anali phungu wa nyumba ya malamulo, Cecilia Chimbiri ndi Netsai Marova. Pa 13 Meyi 2020, m'nyengo yotseka dziko chifukwa cha Covid-19, iwo anali pa chionetsero ku Warren Park chodandaula za njala. Pambuyo pake anasowa. Mneneri wa polisi poyamba anauza atolankhani kuti amayiwo amangidwa, kenaka apolisi anati sali m'manja mwawo. Patapita masiku pafupifupi awiri anapezeka kumidzi ya ku Bindura ali ovulala, zovala zong'ambika, akufotokoza za kumenyedwa ndi kuchitidwa zachipongwe zimene mayi safuna kuzitchula pagulu. Mutodi yemwe uja analembanso pa Twitter, ulendo uno kunena kuti amayiwo anapita kukasangalala ndi zibwenzi zawo zokumba golide. Anachotsedwa pa udindo tsiku lomwelo, ngakhale boma silinanene chifukwa, ndipo anali atakangana kale ndi nduna ina. Nthabwala yake inachoka naye, koma ganizo lake linatsala. Mu Juni amayi atatuwo anamangidwa pa mlandu wonama kuti anabedwa. Boma linatulutsa ngakhale zithunzi za makamera a m'masitolo, ati zosonyeza kuti pa nthawi imene ankati abedwa iwo anali kwina. Tsopano panali mafilimu awiri, ndipo anthu anauzidwa kuti asankhe.

Mwezi womwewo akatswiri a bungwe la United Nations oona za ufulu wa anthu ananena kuti mu 2019 mokha ku Zimbabwe kunamveka nkhani 49 za kubedwa ndi kuzunzidwa kwa anthu, popanda kafukufuku wofikitsa wolakwa aliyense pa mlandu. Mamombe ndi Chimbiri anayenda m'makhoti zaka zitatu, akulowa ndi kutuluka m'ndende ya Chikurubi, kufikira mu Julayi 2023 pamene bwalo lalikulu linawamasula, litapeza kuti umboni wa boma sunali wokwanira. Chigamulocho tichimvetse bwino. Sichinatchule amene anawaba. Chinangonena kuti boma lalephera kusonyeza kuti ananama. Ndi kawirikawiri kuti khoti lifike patali kuposa apo, koma zinachitikapo. Jestina Mukoko, womenyera ufulu wa anthu amene anatengedwa kunyumba kwake ku Norton m'bandakucha wa pa 3 Disembala 2008, anakhala milungu itatu apolisi akunena kuti sakudziwa kumene ali, kenaka anatulukira m'khoti ali womangidwa. Mu Sepitembala 2009 bwalo lalikulu koposa linathetsa mlandu wake litapeza kuti anthu a boma anamuphwanyira ufulu ndi kumuzunza, ndipo mu 2018 anagamulidwa kuti alandire chipukutamisozi cha madola 150,000.

Pali chinthu chimene sindingachizembe. Anthu amanamadi kuti abedwa. Nyuzipepala za kuno ndi za ku South Africa zimalembapo za mnyamata amene wadya ndalama za fizi n'kudzibisa, kapena mayi amene akutumiza uthenga kwa mwamuna wake kuti ali m'manja mwa zigawenga pamene ali kwa mnzake. A Jerry Lundegaard alipo m'dziko lililonse, ndipo ndale nazo sizisowa anthu ofuna kutchuka. Munthu wanzeru sakhulupirira chilichonse chimene wamva. Mphamvu ya mawu oti sewero ili pomwepo: nthawi zina amakhala oona, ndiye nthawi zonse amamveka ngati angakhale oona. Kukayika n'kotchipa. Wokayika salipira kanthu, safunika kudzuka pampando. Wobedwayo ndiye ayenera kuonetsa mabala, kuvula pamaso pa dokotala, kubwereza nkhani yake kambirimbiri osaphonya ola, ndipo akasokoneza dzina la msewu umene anadutsa atamangidwa m'maso, akuti mwaona, tinanena. Kusiyanitsa wonama ndi wozunzidwa ndi ntchito ya wofufuza amene alibe mbali. Wolengeza kuti ndi sewero kafukufuku asanayambe sakusiyanitsa kanthu. Akutseka chitseko chimene wofufuzayo akanalowera.

Ndiye mawuwa amalankhulidwa kwa yani? Sindikhulupirira kuti amalankhulidwa kwa anthu a mumsewu umene munthu watengedwa. Ku Mufakose nyumba ndi khoma ndi khoma. Chitseko chikathyoledwa usiku, oyandikana nawo amamva. Ana amadzuka, agalu amauwa, wina amasuzumira pakatani n'kuona galimoto yopanda nambala. Anthu amenewa nduna singawauze kuti analota. Koma ingawapatse pobisala. M'mawa mwake pa mjigo, kapena m'kombi yopita m'tauni, munthu wamantha ali ndi mawu okonzeka kale: aa, kaya, akuti anachita kupanga. Akatero sanamunenere mnzake zoipa, sananenenso boma zoipa, wabwerera kwa ana ake ali bwinobwino. Sindingamuweruze msanga munthu ameneyu, pakuti ndikudziwa mmene makolo athu ankalankhulira motsitsa mawu zaka makumi atatu za ulamuliro wa Kamuzu Banda. Koma mudzi umene aliyense akuti kaya ndi mudzi umene galimoto ija ikhoza kubweranso mawa masana, osadikira usiku.

Ife a ku Malawi tinaonapo sewero lolembedwa ndi boma, ndipo linali ndi bwalo lake, galimoto yake ndi wolengeza wake. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba. Mitembo yawo inapezeka m'galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza, kufupi ndi malire a Mozambique. Dziko linauzidwa kuti anachita ngozi akuthawa. Maliro awo anaikidwa mwachinunu, ndipo ambiri amene ankadziwa kuti nkhaniyo siikumveka anangoti kaya. Zinatenga zaka khumi ndi chimodzi kuti boma la Bakili Muluzi likhazikitse bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza Michael Mtegha, lomwe linapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi ndipo ngoziyo inali yokonza. Kamuzu Banda ndi John Tembo anazengedwa mlandu mu 1995, khoti n'kuwapeza osalakwa mu Disembala chaka chomwecho. Amati mlandu suola, ndipo suoladi, koma mboni zimakalamba, zimafa. Chimene Mwanza inatiphunzitsa n'choti amene ali ndi luso ndi zipangizo zokonzera sewero lalikulu kawirikawiri si munthu wamba. Kukonza ngozi kumafuna magalimoto, apolisi, dokotala wolemba chikalata ndi wailesi. N'zodabwitsa kuti eni zipangizo zonsezi ndiwo amafulumira kuloza chala mayi wa ku lokeshoni kuti ndi katswiri wokonza zisudzo.

Sindikunena kuti pa imfa ndi pa mantha pasamasekedwe. Mwambo wathu womwe umakana zimenezo. Pamaliro a Chichewa adzukulu ali ndi ufulu umene wina aliyense alibe: amaseka, amanyoza, amagwira nkhuku ya pakhomo popanda wowaletsa, pamene eni maliro akulira. Anzathu a Chishona ali ndi sahwira, bwenzi la womwalirayo, amene amatha kuvala zovala za malemuyo, kuyenda monga ankayendera, kuulula ngongole zake ndi zibwenzi zake, anthu n'kuseka misozi ili m'masaya. Ku Mabvuku ndi ku Tafara miyambo iwiriyi imakumana pabwalo limodzi. Koma ufulu umenewu superekedwa kwa wodutsa m'njira. Mdzukulu amaseka chifukwa ndiye wasambitsa mtembo, ndiye wakumba manda, dothi lili m'zikhadabo zake. Nthabwala yake siikana kuti munthu wafa. Ikuchokera m'kudziwa imfayo pafupi kuposa wina aliyense. Ndikuganiza kuti olemba ndemanga amene anakonda Fargo n'kunyansidwa ndi mafilimu ena a nkhani yomweyo ankamva zimenezi ngakhale sankadziwa za adzukulu. Abale a Coen anaseka, koma mitembo yawo anainyamula. Mayi wobedwa uja tikumuona akuthamanga chimbulimbuli m'chisanu, thumba lili kumutu, chigawenga chikumuseka, ndipo kuseka kwathu kumatitsamwa pakhosi. Nthabwala ya nduna ndi ya mtundu wina. Ndi ya munthu amene wafika pasiwa n'kulengeza kuti m'bokosimo mulibe kanthu.

Gonyeti ndi anzake ali mbali ya adzukulu. Mzere wa mafuta umene amauseka, iwonso amaimapo. Madzi akasowa pampopi ku Mufakose, akusowanso kwawo. N'chimodzimodzi ndi mmene Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankatisekera umphawi wathu ife osakwiya, chifukwa tinkadziwa kuti ndi athu. Boma limene limaopa nthabwala zotere likudziwa chimene likuopa. Zolankhula za wandale wotsutsa anthu amatha kuzitaya kuti akufuna mpando. Koma kasewero ka mphindi zitatu kakalowa m'foni, kamayenda pa WhatsApp kuchoka ku Glen View kufika ku Johannesburg tsiku lomwelo, ndipo munthu amene waseka wavomera kale kuti zimene waonazo n'zoona.

Anthu aphunzira kuti mawu awo okha sakwanira, ndiye ayamba kudzijambula okha. Pa 1 Novembala 2023 Takudzwa Ngadziore, phungu wachinyamata wa chipani chotsutsa cha CCC, ataona kuti akutsatidwa anayatsa Facebook pa foni yake. Kwa timphindi tochepa dziko linaona mwamuna wonyamula mfuti yaikulu akuthamangira kwa iye, kenaka chithunzi chinazima. Anapezeka tsiku lomwelo kudera la Mazowe, atavulidwa ndi kumenyedwa. Nkhope ya wamfutiyo inafalikira paliponse. Patangopita masiku khumi, Tapfumaneyi Masaya, mbusa amene ankachita kampeni ya chipani chomwecho ku Mabvuku, anakwezedwa m'galimoto ndi anthu osadziwika. Iye analibe kamera. Mtembo wake unapezeka kunja kwa mzinda patapita masiku awiri. Dziko limene munthu ayenera kukumbukira kujambula pamene akuthamangitsidwa ndi mfuti, kuti mawa asadzatchedwe wabodza, lasenzetsa wozunzidwa ntchito ya polisi, ya mtolankhani ndi ya khoti pa nthawi imodzi. Ndipo Zimbabwe mpaka pano sinalowe m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu, limene maiko ambiri a mu Africa analowamo.

Nthawi zina ndimaganiza za filimu imene wolemba wa ku Highfield kapena ku Budiriro angalembe pa nkhani imeneyi. Zoseketsa sizingasowe. Mwamuna wa ngongole za njuga akonza zoti abedwe kuti mlongo wake wa ku UK atumize mapaundi. Anzake omuba alibe mafuta a galimoto. Dipo likukanganidwa ngati lilipidwe m'madola a ku America kapena pa foni kudzera pa EcoCash. Magetsi azima pakati pojambula uthenga woopseza. Ndalama zojambulira si vuto lalikulu: Cook Off, filimu ya ku Harare ya 2017 imene inafika pa Netflix mu 2020, inayamba ndi madola pafupifupi 8,000 okha. Osewera aluso aliponso ambiri. Povuta ndi pena. Tsiku limene filimuyo ingatuluke, wina waudindo adzaigwiritsa ntchito ngati umboni, kuti mwaona mmene amachitira. Ndipo wolembayo akafika pa Marge Gunderson cholembera chidzaima. Afunika wapolisi amene woonera wa ku Glen View angamukhulupirire, m'dera limene obwera usiku amagogoda n'kunena kuti ndife apolisi. Akamupeza, afunikanso kumuveka yunifolomu. Mu Febuluwale 2019, miyezi isanu ndi umodzi asanatengedwe ku Mufakose, Samantha Kureya ndi mnzake Sharon Chideu, wodziwika kuti Magi, anagwidwa ndi apolisi chifukwa cha kasewero ka mu 2016 momwe anavala zovala zofanana ndi za polisi. Anatuluka atalipira chindapusa cha madola 20 aliyense.